Belu Silinalirire a Fagness

Mukatsika minibasi pa Golomoti n'kutsata msewu wafumbi wolowera ku madambo a mpunga, mutayenda makilomita asanu ndi awiri mupeza katchalitchi ka njerwa zootcha, ka malata ofiira ndi dzimbiri. Kutsogolo kwake kuli mtengo wa msangu, ndipo pa nthambi yam'munsi pakulendewera limu ya lole yomangidwa ndi tcheni. Limenelo ndilo belu la Akatolika a pa Misangu. Mwini belulo, ngakhale palibe amene anawalembera kalata ya ntchito, ndi a Ignasio Chimkwita.

A Ignasio kwawo ndi ku Mtakataka. Ali mnyamata ankagwira ntchito yokonza njanji, ndipo kumeneko ndi kumene anaphunzira kumva chitsulo. Amati chitsulo chili ndi pakamwa: ukachimenya pakati chimang'ung'udza, ukachimenya m'mphepete chimaimba. Anadzakwatira pa Misangu, nakhala chikamwini, nayamba kulima mpunga ngati aliyense. Mu 1993 mkulu amene ankaimba belu anasamukira kwa ana ake ku Salima, ndipo anthu atayang'anayang'ana anati, "Apatseni a njanjiwo, chitsulo amachidziwa." Kuyambira pamenepo bawuti lalitali loimbira belu silinachoke m'manja mwawo, zaka 31.

Amaimba katatu pa tsiku: sikisi koloko m'mawa, masana dzuwa lili pamutu, ndi sikisi koloko madzulo. Amayi ogulitsa tomato amanyamuka ndi belu lam'mawa kuti akapeze malo abwino pa msika. Ngakhale a Rukia, Msilamu wogulitsa usipa amene amakhala tsidya la msewu, amati wotchi yawo ndi a Ignasio, ndipo wotchi imeneyi siifuna mabatire.

Koma chimene anatchuka nacho ndi belu la maliro. Mkhristu akamwalira, a Ignasio amaimba pang'onopang'ono, kamodzi pa chaka chilichonse chimene munthuyo wakhala pansi pano. Amamenya, n'kudikira mawu aja apite mpaka azimiririke ku dambo, n'kumenyanso. Anthu m'minda amaimika makasu n'kuyamba kuwerenga. Belu likasiyira pa zitatu kapena zinayi, amayi amagwira pamimba. Likadutsa makumi asanu ndi awiri, amadziwa kuti wagwa ndi mmodzi wa akuluakulu awiri kapena atatu, ndipo asanafike kumudzi amakhala atalidziwa kale dzina. Akamaliza, a Ignasio amatola njere imodzi ya bwemba n'kukaponya m'botolo lalikulu limene lili pa windo la kuchipinda kwawo. Pofika chaka chatha munali njere 388.

Akazi awo a Fagness, amene iwo ankawaitana kuti Nangozo, anali oluka mikeka ya mlaza. Anali munthu wa pakamwa posachedwa, ndipo belu la amuna awo linali ndiwo yawo ya tsiku ndi tsiku.

"Anzanga amadzutsidwa ndi amuna awo ndi mawu okoma," ankatero. "Ine ndinakwatiwa ndi limu ya lole."

"Limu yomweyo ndiyo idzakuperekezeni, Nangozo."

"Ndiye mudzaimbe bwino. Musadzathamange ngati mukuthawa mvula. Ndipo musadzandibere zaka, ndikudziwani inu. Mudzaimbe zonse, amve mpaka ku Golomoti kuti wapita ndi munthu wamkulu."

Nthabwala imeneyi inali yakale ngati ukwati wawo. Onse awiri ankadziwa kuti si nthabwala yokha.

Pa chaka chonse pali masiku amene belu la pa Misangu limakhala duu, ndipo masiku amenewo ali mu Sabata Loyera. Sabatali limayamba ndi phokoso. Lamulungu la Kanjedza anthu amayenda mdipiti kuchokera pa mjigo atanyamula nthambi za kanjedza, kukumbukira mmene Yesu analowera mu Yerusalemu. Nthambizo sazitaya. Amakazisomeka kudenga, ndipo chaka chinacho amaziotcha kuti apeze phulusa loyambira Lenti, nyengo yosala yokonzekera Pasaka. Likafika Lachinayi Loyera, tsiku la mgonero womaliza ndi losambitsa mapazi, belu limalira kolimba nthawi yonse imene mpingo ukuimba nyimbo ya Ulemu. Nyimbo ikatha, latha. Sililiranso mpaka Pasaka, chifukwa Ambuye agwidwa, aphedwa, ali m'manda, ndipo pa maliro a mwini nyumba chitsulo sichisangalala. M'malo mwake amagogoda timatabwa tiwiri.

Mwambo umenewu a Ignasio ankausunga ngati dzira. Ulemu ukangotha Lachinayi, ankakulunga bawuti lija m'kansalu kofiirira kamene a Fagness anasoka ndi manja, n'kukapereka kwa katekisiti, a Nasoni, kuti akatsekere m'kabati ya m'sakristiya, chipinda chosungiramo zinthu za tchalitchi. Ana a sukulu akayerekeza kuponya mwala pa limu masiku amenewo, ankathamangitsidwa mpaka kwa amayi awo.

Mu 2009 mwambowu unawayesa koyamba. Lachisanu Loyera m'mawa kunamwalira mwana wa a Davie, mlongo wawo wa a Fagness, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi. A Davie anabwera okha, maso ali psuu.

"Alamu, kasanu n'kanayi basi. Mulungu sangakwiye ndi kasanu n'kanayi."

"Alamu, lero sililira. Ngakhale atamwalira bishopu."

"Ngakhale atamwalira wa m'nyumba mwanu?"

"Ngakhale wa m'nyumba mwanga."

A Davie anabwerera osatsanzika. Panapita zaka ziwiri asanakhalenso pa mphasa imodzi ndi alamu awo. Njere ya mwanayo a Ignasio anaitola ndithu, koma sanaiponye m'botolo popeza sanamuimbire. Anaiika pambali, pa windo pomwepo, ndipo a Fagness posesa ankailambalala.

Chaka chatha a Fagness anayamba kutupa miyendo mu Januwale. Anagonako ku chipatala kawiri, nabwerako ndi mankhwala odzaza kajumbo. Mwana wawo Bertha, amene amagulitsa zovala za kaunjika ku Dedza, anatseka benchi lake n'kubwera kudzawasamala. Mvula chaka chimenecho inadula msanga, ndipo mu Malichi dzuwa linkaswa mtengo ngati la mu Okutobala. Lamulungu la Kanjedza a Fagness sanathe kuyenda mdipiti. Bertha anawabweretsera nthambi, iwo ali chigonere naluka timitanda titatu. Lachinayi madzulo anamva belu la Ulemu ali pa mkeka pakhonde. Amuna awo atabwera, anawafunsa.

"Mwalitsekera?"

"Ndalitsekera."

"Ndiye ndidikire mpaka Lamulungu, eti?"

"Mudikire mpaka chaka cha mawa, Nangozo. Mukuthamangira kuti?"

Anaseka onse, ngakhale a Fagness kuseka kwake kunathera m'chifuwa.

Lachisanu Loyera, dzuwa litangotuluka, Bertha anapititsira amayi ake phala ndipo sanayankhe. Anatsikira kuli chete ali ndi zaka 63.

A Ignasio sanalire nthawi yomweyo. Miyendo inawatenga yokha, monga inkawatengera pa maliro onse 388, mpaka anapezeka ataima pansi pa msangu, dzanja lili m'mwamba lopanda kanthu. Apo m'pamene anakumbukira tsiku. Anaima choncho kwa kanthawi, limu ikuzungulira pang'onopang'ono ndi kamphepo. Kenaka analowa m'tchalitchi natenga timatabwa tija. Anatuluka nato panja nayamba kugogoda, kumenya kamodzi n'kudikira, monga amachitira ndi chitsulo. Koma thabwa lilibe mawu oti uwadikire. Limangoti go, basi. Atafika pa makumi awiri, tambala wa pa nyumba yoyandikana analira n'kuphimba zonse. Mayi wina amene ankapita ku mjigo, mamita makumi asanu okha kuchokera pamenepo, sanacheuke n'komwe. A Ignasio anabweza timatabwato.

Uthenga unayenda ndithu. Bertha analemba pa foni, ndipo lisanakwane ola anthu a ku Lilongwe ndi ku Joni anali atadziwa. Mnyamata wina wa kwaya, pofuna kuwatonthoza, anati, "Musadandaule madala, aliyense wamva kale. Masiku ano belu ndi mwambo chabe."

A Ignasio anakwera njinga kupita ku parishi ku Mua. Ndi ulendo wa ola ndi theka kwa munthu wa msinkhu wawo, ndipo chitunda chomaliza anachikankha. Anapeza pa parishi pali piringupiringu, achinyamata akukonzekera Njira ya Mtanda, ena atavala ngati asilikali a Chiroma ndi zipewa za makatoni. M'tchalitchi guwa linali lovula, lopanda nsalu, lopanda maluwa. Wansembe amene anawalandira anali wachinyamata, woti akadakhala mwana wawo. Anawagwira manja onse awiri nawakhazika pa benchi.

"Abambo, ndabwera kudzapempha Misa. Mkazi wanga sanaphonyepo Lamulungu kupatula pobereka."

"Ndikuwadziwa amayi aja, bambo Chimkwita. Mkeka umene uli m'chipinda changa ndi wawo. Koma lero kulibe Misa. Si kuno kokha ayi, dziko lonse lapansi. Mawanso masana kulibe, ndipo ya maliro siingachitike mpaka Pasaka itadutsa. Lolemba ndibwera ndekha. Kodi thupi lingadikire Lolemba?"

"Ndi dzuwa limeneli?"

Wansembe anayang'ana pansi.

"Nanga belu, abambo?"

"Za belu mukuzidziwa kuposa ine. Si lamulo ngati la Misa, ndi mwambo wa Mpingo. Sindingakuuzeni kuti kaimbeni. Sindidzakuimbaninso mlandu. Amayiwa amwalira tsiku limodzi ndi Ambuye. Nawonso anaikidwa mofulumira, opanda mwambo wokwanira, chifukwa dzuwa linali kulowa."

A Ignasio anavomera ndi mutu. Mawuwo anali oona, ndipo anawamva. Koma pobwerera, njinga ikutsika yokha chitunda chija, m'makutu mwawo munkangomveka mawu ena: musadzandibere zaka.

Pa siwa anapeza anthu adzaza. Mwini mbumba anali a Davie, ndipo za tsiku loika anali atagamula kale ndi akuluakulu a banja: mawa Loweruka, dzuwa lisanakwere. Palibe akanatsutsa. M'nyumba munali kale fungo la masamba amene amayi anayala, ndipo aliyense ankadziwa chifukwa chake. Mkamwini pa maliro a mkazi wake amamva zomwe eni ake anena.

Masana anthu ambiri anachoka pa siwa kupita ku mapemphero a Lachisanu Loyera, kukagwada ndi kupsompsona mtanda, n'kubwereranso. Chakumadzulo a Nasoni anawakokera a Ignasio kuseri kwa nkhokwe. Ndi munthu wamfupi, wolankhula mofulumira, amene anaphunzira katekisimu limodzi ndi Bertha.

"Madala, ine ndikupita kukaona adzukulu kumanda. Kiyi wa kabati ndamuiwala pa windo la sakristiya. Ndine munthu woiwalaiwala, mukundidziwa."

"Ukundiyesa, Nasoni?"

"Ine ndangoti ndaiwala kiyi."

Asanayankhe, a Davie anatulukira. Anali atamva. A Ignasio anakonzeka kulandira mawu amene anawadikira zaka khumi ndi zisanu, akuti chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe. Koma a Davie sananene zimenezo. Anakhala pa mtondo wogubuduzika, navula chipewa.

"Alamu, kaimbeni. Ndi mlongo wanga. Za mwana uja ndinaziika pansi kalekale. Palibe amene adzakulozeni chala, ine ndilipo."

Akanakhala kuti awanyoza, mwina zikanapepuka. A Ignasio anapita ku tchalitchi. Kiyi analidi pa windo. Anatsekula kabati, natulutsa kansalu kofiirira, namva kulemera kwa bawuti m'kati mwake. Ulusi wa m'mphepete unali wa a Fagness, wosokedwa mokhotakhota chifukwa ankasoka akulankhula. Anatuluka nako mpaka pansi pa msangu.

Anaganiza za anthu a ku dambo akuimika ntchito n'kuwerenga mpaka 63. Anaganizanso za mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi amene anapita mwakachetechete chifukwa cha pakamwa pa iwo. Akaimba lero, ndiye kuti tsiku lija sunali mwambo umene unamukaniza mwanayo, anali iwo, Ignasio, ndipo mwambo umathyoka malinga ndi amene wamwalira. Akapanda kuimba, ndiye kuti amunamiza mkazi amene anawaphikira zaka makumi anayi ndi chimodzi. Anayeza uku, nayeza uku, sikelo osapendekeka. Kudzera pa khomo ankaona mtanda uli pa mkeka patsogolo pa guwa lovula lija, pamene anthu anausiya.

Sanamasule mfundo. Anabweza kansalu m'kabati, natseka, nakapereka kiyi m'manja mwa a Nasoni pamaso pa anthu.

"Usamaiwale zinthu za tchalitchi," anatero.

A Davie anapukusa mutu. "Inu alamu, mtima wanu ndi njanji." Sananene mokalipa.

Loweruka Loyera ndi tsiku lopanda kanthu. Mpingo umangodikira, monga amadikirira anthu panja pa chipinda cha wodwala. A Fagness anaikidwa tsiku limenelo, nthawi ya naini koloko. A Nasoni anatsogolera mapemphero, amayi a mphakati anaimba, Bertha anaika kamtanda ka kanjedza kamodzi m'bokosi. Mdipiti wopita kumanda umadutsa pa tchalitchi, ndipo pa maliro ena onse a Ignasio amakhala pansi pa msangu kuuperekeza ndi belu. Ulendo uno anali kumbuyo kwa bokosi, manja ali lende, osadziwa powaika. Podutsa pa mtengopo anthu ambiri anacheukira limu ija, kenaka n'kuyang'ana pansi msanga.

Atabwerako kumanda, Bertha anawapatsa madzi nakhala pafupi nawo.

"Ababa, bwanji mudzaimbe Lolemba, pa Misa yawo? Zonse 63, pang'onopang'ono."

"Belu la maliro limaitanira anthu ku mtembo, mwanawe. Silitsatira munthu kumanda. Ndikaimba Lolemba, anthu adzataya makasu n'kuthamangira kwa a Maliya, ndi a zaka zomwezo ndipo ali gone. Ndiwaphe ndi mantha?"

"Ndiye basi?"

"Ndiye basi."

Amene ali ndi mphamvu amapita ku Mua Loweruka madzulo kukaona moto watsopano ndi ubatizo, koma pa Misangu belu limamasulidwa Lamulungu m'mawa. Anthu anaganiza kuti a Ignasio, pokhala ofedwa, atuma wina. A Nasoni anali atapempha kale mkulu wina wa mpingo. Koma nthawi itakwana anawaona akubwera, atavala jekete lawo lakuda, mutu wometa. Anatambasula dzanja, ndipo a Nasoni anawapatsa kansalu kaja.

Tchalitchi chinali chodzaza mpaka m'mawindo. Guwa linali litavala zoyera, maluwa ali m'zitini mbali zonse. Belu la Pasaka siliimbidwa ngati la maliro. Limaimbidwa mothamanga, mosalekeza, kuyambira pamene kwaya yayamba Ulemu mpaka pomaliza, mphindi zinayi kapena zisanu, kuti amve ndi a kutali omwe kuti manda ali pululu. Ng'oma zinagunda, amayi anayamba nthungululu, ndipo a Ignasio anamasula mfundo namenya limu m'mphepete, pamene imaimba.

Sanakonze zowerenga. Koma munthu amene wawerenga zaka 31 sangamenye chitsulo osawerenga. Khumi. Makumi awiri. Dzanja linkathamanga ngati akuthawa mvula, zomwe anauzidwa kuti asadzachite. Makumi anayi. Mawu aliwonse ankaphimbidwa ndi otsatira ake asanafike n'komwe pa mjigo. Makumi asanu ndi limodzi. Chimodzi, ziwiri, zitatu.

Dzanja linaima.

Kwaya inali isanafike ndi pakati pomwe. Ng'oma zinapitiriza, anthu akuvina m'mabenchi, ana akuwomba m'manja. A Nasoni anasuzumira pa windo, naona a Ignasio ataima, bawuti lili lende, nabweza mutu. A Ignasio anayang'ana ku dambo. Kunalibe munthu. Tsiku la Pasaka palibe amapita kumunda, ndipo belu lothamanga palibe amaliwerenga.

Mapemphero atatha, anthu anatuluka akupatsana moni wa Pasaka. A Rukia, amene anali atayala usipa wawo m'mphepete mwa msewu kudikira otuluka m'tchalitchi, anawaitana.

"A Chimkwita, pepaninso. Koma lero wotchi yanga yafupika bwanji? Chaka chilichonse pa Pasaka timamva mpaka makutu kuwawa."

"Dzanja latopa, mayi. Ukalamba."

"Mupume. Mawa sikisi koloko tikufunani."

"Ndidzakhalapo."

Anadzera pa mtengo wa bwemba wa kuseri kwa sukulu natola njere imodzi. Kunyumba anthu anali adakali pa mphasa, ena akumanga katundu kuti akapeze minibasi pa Golomoti. Analowa kuchipinda, natsekula botolo, naigwira njereyo pakamwa pake nthawi yaitali. Anaimba kapena sanaimbe? Zaka zinakwana zonse, sanabe ngakhale chimodzi. Koma palibe amene anaimika khasu.

Anatsekanso botolo. Njereyo anaiika pa windo, pafupi ndi inzake ya 2009, ndipo anaitana Bertha kuti amuuze kuti posesa azizilambalala.